Mtsiro wa Nankhoma

Bambo anga anakana kulowa m'nyumba tsiku limene tinasesa maliro a amayi. Anafika pakhomo ndi ndodo yawo, n'kuima, n'kukweza mphuno. Kenaka anaodira ngati mlendo.

"Odi kuno!"

Tinaseka pang'ono, poganiza kuti chisoni chawasokoneza. Koma iwo anabwerera chambuyo.

"Ino si nyumba ya Nankhoma," anatero, kutchula dzina la amayi. "Sindingalowe m'nyumba ya eni."

Maso awo anafa kalekale, ine ndisanayambe kusenza mtsuko. Dziko ankalidziwa ndi mapazi ndi mphuno. Ankatha kukuuza kuti wadya usipa kwa eni usanatsegule pakamwa kunama kuti uli ndi njala. Ndiye pamene ananena kuti nyumbayo si yomweyo, ife a maso tinangoyang'anana. Zipupa zinali zomwezo, chitseko chomwecho, ndipo msomali umene ankakolekapo chipewa unali pamalo pake.

Kwathu maliro akatha, akazi amasesa nyumba ya malemu, kupala pansi ndi khasu, n'kuzira mtsiro watsopano kuti imfa ituluke. Amayi anga aang'ono, a Felesiya, amene anakwatiwa kutauni, anabwera ndi botolo la mankhwala a m'sitolo onunkha ngati kuchipatala. Mwa chikondi chawo anawaza paliponse, m'zipupa, pamphasa, mpaka kunja kwa mitsuko. Akazi anazira bwino lomwe, pansi pakuda bii. Nyumba inayera, koma bambo anayala mphasa yawo pansi pa mtengo wa mango. Ankadya pomwepo, kugona pomwepo. Fungo la mankhwala aja litatha tinawauza, iwo n'kuyankha kuti kuchoka kwa mlendo sikubweza mwini.

Bambo anali mkamwini, anabwera m'mudzi wa amayi ali mnyamata. Tsiku lina amalume anga a Kadzamira, eni mbumba, anadzakhala nawo pamphasa paja.

"Alamu, sitingamakuonereni mukuvumbwa ngati nkhuni. Anthu adzati tikuzunza munthu wosaona. Mvula yoyamba ikakupezani panja pano, tikusudzulani, tikakutuleni kwanu."

Amalume sanali munthu woipa, koma kwawo kwa bambo ndinkakudziwa. Kunatsala manda ndi mitengo ya bulugama. Kunalibe woti angawagwire ndodo kapena kuwatungira madzi.

Vuto linali lakuti palibe amene anaonapo amayi akuzira. Tsiku lozira ankatitulutsa tonse. "Tulukani, musandipondere!" Ndiye ankatseka chitseko, ife n'kumangomva nkhulungo, mwala wawo wosalala uja, ikuyenda pansi. Ndinafunsa akazi apamudzi chimene amayi ankasakaniza mu mtsiro. Wina anati ndowe, wina anati mankhwala achikondi, wina anati mtsiro ndi mtsiro basi. Ndinafunsanso bambo.

"Kodi munkanunkhira bwanji m'menemo?"

"Ngati m'nyumba."

"Ngati chiyani, bambo?"

"Iwe, unabadwiramo, ukufunsa ine?"

Ankanena zoona, koma munthu samva fungo la nyumba yake, monga samva la m'khwapa mwake. Chinthu chimodzi chokha ndinkakumbukira, ndipo sindinachiyese kanthu. Kuseri kwa nyumba za anzathu kunkakhala chithaphwi potayira madzi, pomera nthochi. Kuseri kwa yathu kunali kouma gwa, moti abakha athu ankakasewera kwa eni.

Ine ndine munthu wa mafunso chibadwire. Amayi ankati ana ena amabadwa akulira, ine ndinabadwa ndikufunsa. Choncho ndinamanga nkhulungo yawo pansonga ya chitenje, n'kusiya bambo m'manja mwa mng'ono wanga Mwatitha, ndi kunyamuka kukafunsa kwa anthu odziwa kuyeretsa nyumba. Ena amati ndinayenda zaka zambiri. Ine ndimakumbukira chilimwe chimodzi chachitali, mitambo itaunjikana kum'mawa, yakuda kunsi, koma osasuntha. Mango ankachita maluwa, kubereka, kutha, n'kuchitanso maluwa, mitambo ili pomwepo.

Pofika malo achilendo sindinkapempha madzi kapena pogona. Ndinkapempha tsache. Munthu amene akukusesera pabwalo sumufunsa msanga kuti achoka liti.

Ndinafika m'tauni ya msika, ya fumbi ndi mabasi. Ndinasesa kuseri kwa tiyirumu ina, pamene bambo wina wamfupi ankatsuka mapoto, manja ali mbuu mpaka m'zigongono. Dzina lawo anali a Chikwekwe.

"Mwasesa bwino, achemwali, koma simunabwerere tsache. Mukufuna chani?"

Ndinawauza za bambo ndi za mtengo wa mango. Anagwedeza mutu, n'kundipatsa poto wopserera.

"Yambani apa. Zamphunozo tiziona."

Ndinkayesa kuti phulusa ndi phulusa. A Chikwekwe ankalisunga m'zitini zosiyanasiyana, ndipo ankalilawa ndi nsonga ya lilime asanaligwiritse ntchito. La zitsononkho ankati ndi lolusa, limadya mafuta ndi manja omwe. La mtengo wa mango ndi lofatsa, loyenera makapu. Mbale ya mafuta ankayamba kuipukuta ndi gaga wouma, gaga uja n'kuponyera nkhuku, kuti madzi asagwire ntchito ya nkhuku. Poto asanapite pamoto ankamumata phulusa lonyowa kunja, ndipo mwaye unkakhala paphulusapo m'malo mokakamira pachitsulo. Ndinafunsa chifukwa chake mchenga wa pamtsinje umakanda poto koma wa m'khwalala ayi. Ndinafunsa chifukwa chake phulusa limaterera likanyowa. Ndinafunsa mpaka anandiopseza kuti andimata phulusa pakamwa.

Anali ndi mkazi kale, koma anawathawa, akuti mwamuna wotsuka mapoto si mwamuna. Ankanena zimenezi akuseka, atanyamula sefuliya yowala n'kumadziyang'aniramo.

"Uyu ndiye sandinyoza. Ndikamuyeretsa, amandionetsa nkhope."

Nditakhala nthawi, manja anga nawonso anachita mbuu. Ananditsanulira phulusa la zitsononkho losefa bwino m'kathumba, n'kunena kuti ngati amayi ankadana ndi tizilombo ta pansi, ndiye kuti ankathira limeneli. Ndinayenda pang'ono, ndinakhota kuseri kwa nkhokwe ina, ndipo ndinapezeka ndili kwathu. Njira za nthawi imeneyo zinkachita choncho, ndipo sindinkadabwa nazo.

Ndinakumba mtsiro kudambo kumene amayi ankakumba, ndinasakaniza ndi phulusa lija, ndinazira, ndinakulungiza ndi nkhulungo. Patauma ndinakatenga bambo.

"Odi kuno!" Ananunkhiza kawiri. "Kwayera. Koma kuno ndi kwa munthu wophikira anthu ambiri. Tiye, undibwezere pamphasa panga."

Ulendo wachiwiri unandifikitsa m'tauni ya m'phiri, ya tinjira tokwera ndi mzikiti woyera pakati. Ndinapempha tsache pakhomo lina, ndipo mayi wina wamtali, Abiti Sumani, anandipatsa osafunsa kanthu. Nditatha anandiitanira pakhonde, pamene ankapukuta mathireyi a mkuwa. Analibe sopo. Ankaviika bwemba m'madzi pang'ono, kuthira mchere, n'kutikita ndi chala. Mkuwa wakuda unkasanduka wofiira ukuona, ngati ukudzuka m'tulo.

"Chimaluma n'chiyani, bwemba kapena mchere?"

"Onse awiri. Wina amafewetsa, wina amakanda. Iwe ufunsa usanakhale pansi?"

Kwa iwo ndinaphunzira mandimu. Ndimu ndi mchere zimachotsa dzimbiri pampeni ndi pansalu, ukayanika padzuwa. Ndimu imachotsa fungo la nsomba pathabwa ndi m'manja. Makoko ake sankawataya, ankawaumitsa padenga n'kumaponya amodzi pamakala madzulo, pamodzi ndi masamba a mpungabwi, udzudzu n'kusamuka. Nyumba yawo inkanunkhira kuyambira panjira. Ndinadziuza kuti basi, ndapeza, pakuti ndi mwamuna uti amene angakane kulowa m'nyumba yotere?

Amuna awo anapita kumwera kukagwira ntchito, ndipo sanabwerere. Tsiku lililonse Abiti Sumani ankapukuta ketulo imene amunawo ankasambira m'manja asanapemphere, ngakhale sinkada. Tsiku lina ndikusesa kuchipinda ndinapeza malaya achimuna atakolekedwa kuseri kwa chitseko, akuda m'khosi. M'nyumba yowala chonchija anali ngati ntchentche mumkaka. Ndinawatsitsa kuti ndikachape. Sindinaonepo mayi wamkulu akuthamanga ngati mmene anathamangira.

"Bwezera pomwepo!"

Anawalanda, n'kuwakoleka okha. Atapuma anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, zonse m'nyumba muno ndimatsuka, koma awa ayi. Fungo limene munthu amalifuna si nthawi zonse limakhala lokoma."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima wanga unali pamandimu. Anandipatsa odzaza nsalu, ndipo nditakhota kuseri kwa khola lina ndinali kwathu.

Ndinapala phulusa lija, ndinafinyira mandimu mu mtsiro, ndinazira, ndinafukiza makoko. Mwatitha anati nyumba yotere angagonemo ngakhale bwana wa kuboma.

"Odi kuno!" Bambo anaima nthawi yaitali, kenaka anaseka, kuseka kwawo koyamba chimwalirire amayi. "Muli mkwatibwi m'menemu? Nankhoma mandimu ankadya ndi mchere, mwanawe. Sankadyetsa dothi."

Pobwerera nawo kumtengo ndinamva kuti dzanja lawo lapepuka. Mphasa yawo inali itayamba kuthetheka m'mbali.

Ulendo wachitatu ndinatsata njanji mpaka mudzi wina wa nsatsi zambiri. Nditapempha tsache, anandibweretsera awiri, chifukwa pakhomopo panali akazi awiri, Dorika ndi Sitela, ndipo aliyense ankati tsache la mnzake silisesa. Anali akazi a mwamuna mmodzi. Mwamunayo anamwalira kalekale, koma mkangano anawasiyira wamoyo. Ankapanga sopo, ndipo sankatha kupatukana chifukwa Dorika ndiye ankadziwa chidulo, Sitela ndiye ankadziwa mafuta.

Dorika ankadzaza phulusa mumphika wobooka, n'kuthira madzi pamwamba kuti azidontha pang'onopang'ono m'mbale. Chidulo chimenechi sichinali chofatsa ngati cha therere. Ankachiwiritsa mpaka chikhwime, n'kuviikamo nthenga ya nkhuku. Nthenga ikayamba kusungunuka, ndiye kuti chapsa. Sitela ankakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta pamwamba. Ziwirizi zikakumana mumphika, ntchito yanga inali kutakasa.

"Takasira kumanja, iwe!"

"Usamumvere ameneyo, kumanja kumadula sopo. Kumanzere!"

Ndinkatakasa uku ndi uku, ndipo sopo ankagwira ndithu. Ndinawafunsa chifukwa chake mafuta, amene amadetsa nsalu, akakumana ndi phulusa, limene limadetsanso, amabala chinthu choyeretsa. Anayang'anana, ndipo kwa nthawi yoyamba anagwirizana kuti ine mutu wanga sukoka bwino.

Tsiku lina ndinabwera kotola nsatsi ndili ndi njala. Ndinapeza pambale zidutswa zachikasu zodulidwa bwino, zofanana ndi chigumu. Ine amene ndimafunsa ngakhale dzina la galu wa eni, tsiku limenelo sindinafunse. Ndinaluma. Dorika ndi Sitela anagwirana mapewa kuseka mpaka misozi.

"Safunsa anadya phula," anatero Sitela, "koma uyu wadya sopo!"

Ndinalavula thovu mpaka madzulo. Koma m'mudzi momwemo ndinapeza kanthu koona. Nkhuku zinali zitabweretsa utitiri m'nyumba, ndipo Dorika anapita kuthengo n'kukathyola chanzi, timitengo tamasamba onunkhira tija. Anatimanga tsache laliwisi n'kuyamba kusesa nalo. Masamba atatikitika pansi, fungo linandipeza pakhomo, ndipo ndinaona kuseri kwa chitseko chathu, pamene amayi ankaimika tsache lobiriwira limene sindinkalilabadira. Ndinathyola chanzi mtolo, sindinatsanzike bwino n'komwe.

Ndinapalanso pansi, ndinazira mtsiro wopanda kanthu, patauma ndinasesa ndi chanzi mpaka masamba kunyenyeka. Ndinakatenga bambo. Anafika pakhomo, n'kukweza mphuno. Phazi limodzi linanyamuka n'kutera pachiundo cha khomo. Kenaka phazi lija linabwerera.

"Odi," anatero motsitsa. "Tsache ndi lake. Pansi si pake."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti ndatha mapazi chifukwa cha iwo, kuti manja anga ang'ambika ndi chidulo, kuti anthu akuti mwana wa Nankhoma wapenga, amanunkhiza pansi m'nyumba za eni. Ndinawauza kuti nyumba ndi denga, zinazo ndi matama. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Ukuyesa ndimakonda udzudzu?" anafunsa. "Inu muli ndi maso. Mukaona mtsuko wake, mukaona chitenje chake, mumati anali pano. Ine ndinalibe china koma fungo lija. Ndikalowa m'menemo, ndiye kuti Nankhoma sanakhaleko."

Ndinalira ndi manyazi ndi chisoni pamodzi. Madzulo ake ndinaona kuti mitambo ija yasuntha, yafika pamwamba pa dambo. Amalume anali atabwereka ngolo, ndipo ankathira mafuta m'mateyala ake osandiyang'ana.

Ulendo wotsiriza sindinasankhe njira. Ndinangoyenda, ndipo ndinafika kudziko louma, la minga ndi mbuzi zowonda, kumene akazi amanyamuka ndi zidebe kusanache n'kubwerako dzuwa lili pamutu. Kunalibe mandimu, kunalibe nsatsi, ngakhale chanzi chinali chitauma. Ndinaganiza kuti kuno sindiphunzirako kanthu, pakuti anthu opanda madzi angayeretse chiyani? Komabe ndinapempha tsache. Anandipatsa mtsikana wina wobereka mwana kumbuyo, dzina lake Lonesi. Nditatha kusesa ndinatunga madzi pang'ono kusamba m'manja, n'kuwakhuthulira pansi. Lonesi anakuwa ngati ndamuponda.

"Amayi inu! Kuno madzi satayidwa. Amakalamba."

Ndinafunsa kuti madzi amakalamba bwanji, ndipo anandiuza kuti ndizingoona. Madzi otsukira masamba ankatsukanso mbale. Akachoka m'mbale ankasambitsa mapazi a ana. Akachoka kumapazi ankapita paphata pa mtengo umodzi wa papaya, umene masamba ake ankachapira matewera. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba yake mwachizolowezi changa chosuzumira. Kunali kouma gwa. Ndinaima pamenepo nthawi, ndikumva ngati wina akundiitana chapatali.

Masiku amenewo Lonesi anali ataviika mphale. Itafewa anaivuula n'kuyanika pamphasa kuti akagayitse. Matsukwa, madzi owawasa otsala mumtsuko aja, amene kwathu timataya msanga tikutseka mphuno, iye anawavundikira n'kuwaika pakona. M'mawa mwake anabwera ndi dothi m'dengu, n'kuombera ana m'manja.

"Tulukani, musandipondere!"

Ndinamugwira mkono asanatseke chitseko.

"Ndisiye ndikhale. Ndikhala pakona, sindiponda."

Anachita manyazi, anayang'ana pansi, koma anandilola. Anatseka chitseko, anakhuthulira dothi pansi, n'kutenga mtsuko uja ndi kuthira matsukwa. Atangoyamba kukanda ndi manja, fungo linakwera, lowawasa, la chimanga chonyowa ndi dothi lakuda. Silinali lokoma. Koma ndinapezeka ndili kamwana, nditagona chafufumimba pansi pozizira tsiku lotentha, tsaya lili padothi, amayi akuimba chapansipansi panja.

"Bwanji matsukwa?" ndinafunsa.

"Nanga ndikatunge ena a dothi? Msana ndi umodzi." Anapitiriza kukanda. "Komanso amalimbitsa. Kaufa kali m'menemu kamagwira dothi, pansi sipang'aluka, sipachita fumbi. Likauma, fungo limatsala lapang'ono. Koma musakauze anthu, amayi. Akazi anzanga angati ndine wauve, ndimazira ndi madzi oola."

Pamenepo ndinawaona amayi bwinobwino. Chitsime chathu chili kutali, kutsidya kwa dambo. Anali ndi mwamuna wosaona ndi ana aang'ono, ndipo munda, nkhuni ndi mtsuko zonse zinali pamutu pawo. Anapeza njira yopulumutsira ulendo umodzi wa kuchitsime, ndipo ankatseka chitseko kuti anzawo asawaseke. Ine ndinakwera mapiri kufunafuna zonunkhira, pamene chimene bambo ankalirira chinali madzi amene mudzi wonse umataya kuseri. Ndinaseka, ndinalira, ndipo mwana wa Lonesi anandiyang'ana modabwa ali kumbuyo kwa mayi wake.

Ndinatuluka, ndinakhota kuseri kwa nyumba youma ija, ndipo mphepo yozizira inandimenya kumaso. Ndinali kwathu, ndipo mitambo inali pamutu penipeni. Ngolo inali itaima pabwalo, ng'ombe zili m'goli. Katundu wa bambo, bulangeti ndi kapu ndi mpeni wawo wosemera, anali atamangidwa kale. Matsukwa safulumizidwa, mphale imafuna masiku ake m'madzi, ndipo ine masiku ndinalibe. Ndiye ndinaona Mwatitha akutuluka m'khitchini ndi mtsuko, nkhope atayang'ana kumbali, akulunjika kuseri.

"Usataye!"

"Achemwali, ndi matsukwa awa."

"Ndikudziwa. Bwera nawo kuno."

Anandipatsa akuyang'ana amalume, ngati akuti mwaona, tinkanena kuti wapenga. Ndinapempha amalume kuti andidikire pang'ono. Anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti sakudikira ine, akudikira dontho loyamba.

Ndinalowa ndi dengu la mtsiro, ndinatseka chitseko. Ndinasesa ndi chanzi chouma chija, ndinathira matsukwa, ndinakanda. Ndinayambira kukhoma la kumapeto, ndikubwerera chambuyo pamawondo monga amazirira, dzanja likuyenda mozungulira. Ndinamasula nkhulungo pachitenje. Inali itasalala mbali imodzi momwe chikhatho cha amayi chinkagwira, ndipo chikhatho changa chinakwana pomwepo. Ndili pakati ndinamva bingu. Ndili pafupi ndi khomo ndinamva madontho oyamba akugunda masamba a mango, ndi mawu a amalume akuti, "Tiyeni, alamu, nthawi yakwana."

Ndinatsegula chitseko ndili chigwadire, manja ali matope. Amalume anali atawagwira bambo pamkono, akupita nawo kungolo. Mphepo inalowa pazenera la kuseri n'kutulukira pakhomo, kudutsa pa ine. Bambo anaima. Anakweza mphuno. Anachotsa dzanja la amalume pamkono pawo mofatsa, ngati munthu wochotsa kachitsotso, ndipo anatembenuka. Ndodo inatsala pansi. Anayenda molunjika, mvula ikuwamenya pachipewa, mpaka anafika pamene ndinagwada.

Sanaodire.

Ine mawu anangotuluka okha, sindikudziwa kuti anachokera kuti.

"Musandipondere, sipanaume!"

Bambo anamwetulira.

"Zaka zonsezi ndinkadikira kuti paume," anatero. "Lero ayi."

Anandilambalala n'kuponda. Anadutsa pakati pa nyumba, anavula chipewa, n'kuchikoleka pamsomali osafufuza. Anakhala pansi pamatope pomwepo, anatsamira khoma, n'kuika zikhatho zonse padothi lonyowa. Ndiye analira maliro a mkazi wawo, amene sanalire kumanda kapena pansi pa mango. Anaitana Nankhoma mokweza, ndipo ine ndi Mwatitha tinalira nawo tili pakhomo. Amalume anaima pamvula kwa kanthawi, kenaka anapita kukamasula ng'ombe m'goli, n'kubwera ndi bulangeti lija atalifungatira kuti lisanyowe.

Mvula inagwa mpaka madzulo, ndipo pansi panachedwa kuuma. Mwatitha anandibweretsera nkhulungo kuti ndisalaze pamene panapondedwa, koma ndinaibweza pachitenje. Mapazi a bambo anaumira mu mtsiromo, kuyambira pakhomo mpaka pansi pa msomali wa chipewa, ndipo onse analoza m'kati.